Brother Lawrence, wophika wotsimphina yemwe adasandutsa khitchini kachisi

Mu mzinda wa Paris, likulu la dziko la France, muli msewu wotchedwa Vaugirard, womwe ndi wautali kuposa misewu yonse mumzindamo. Zaka zoposa 300 zapitazo, ansembe, anthu ophunzira ndi anthu wamba ankayenda mumsewuwu kukagogoda panyumba ya chipani cha Akarimeli. Ena mwa iwo sankafuna mkulu wa nyumbayo, ngakhale akatswiri a zaumulungu amene adalimo mbwee. Ankafuna nkhalamba ina yotsimphina imene inkasoka nkhwayira kuseri.

Dzina lobadwa nalo la mkuluyu lidali Nicolas Herman, koma dziko limamudziwa kuti Brother Lawrence. Sadali wansembe, sadalalikirepo paguwa, ndipo sukulu adangoilawa. Adakhala m'nyumba imodzi zaka zoposa 50, ndipo zaka 15 mwa izo adazithera muutsi wa m'khitchini. Komatu kabuku kakang'ono ka zokamba ndi makalata ake, komwe m'Chingerezi kamatchedwa The Practice of the Presence of God, kakuwerengedwabe mpaka lero ndi Akatolika, a Presbyterian, a Baptist ngakhalenso a Pentekoste.

Chimene chinkawakokera anthu kwa iye ndi funso lomwe likuvutabe ambiri: munthu amene amalawira mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, thukuta lili kamukamu, angapembedze Mulungu nthawi yanji? Kodi chipembedzo chimathera panyimbo yotulukira Lamulungu, kapena chimapita naye munthu kuntchito Lolemba?

Mwana wa m'nkhondo

Herman adabadwa cha mu 1614 m'mudzi wa Hériménil, pafupi ndi tauni ya Lunéville, m'chigawo cha Lorraine. Lero Lorraine ndi mbali ya France, koma nthawi imeneyo lidali dziko palokha lokhala ndi wolamulira wakewake, ndipo lidalowa m'manja mwa France mu 1766. Makolo ake adali anthu akumudzi okonda kupemphera.

Ali mwana wa zaka zinayi, ku Ulaya kudabuka nkhondo yomwe idayamba mu 1618 n'kudzatha mu 1648. Idayamba ngati mkangano wa Akatolika ndi Apulotesitanti, aliyense akuti akuteteza chipembedzo choona. Posakhalitsa idasanduka yolimbirana mphamvu pakati pa mafumu, moti France, dziko la Chikatolika, idagwirizana ndi Sweden, dziko la Chipulotesitanti, polimbana ndi mafumu ena a Chikatolika.

Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Lorraine adali pakatikati pa magulu olimbanawo, choncho asilikali a mbali zonse ankadutsa momwemo, kulanda ziweto, kutentha midzi ndi kusiya njala ndi mliri m'mbuyo mwawo. Mu 1633, katswiri wojambula wa mu mzinda wa Nancy m'chigawo chomwecho, Jacques Callot, adatulutsa zithunzi 18 zoonetsa zoopsa za nkhondoyi. Chimodzi chikuonetsa mtengo waukulu utadzaza anthu opachikidwa. Umu ndi momwe mnyamatayu adakulira, akuona anthu akuphana uku dzina la Mulungu lili pakamwa.

Chinthu chimene chidatembenuza mtima wake chidali chaching'ono moti wina akhoza kuseka. Tsiku lina m'nyengo yachisanu, ali ndi zaka 18, adaona mtengo utayoyoka masamba onse ngati mlambe m'chilimwe. Adayamba kulingalira kuti pakapita miyezi yochepa mtengo womwewo uphukanso, uchita maluwa, kenako ubala zipatso, popanda munthu woukakamiza. Pomwepo adazindikira mphamvu ndi chisamaliro cha Mulungu m'njira yomwe sidafafanizikenso mumtima mwake. Sadamve mawu kuchokera kumwamba, sadaone mngelo, sadagwe pansi. Patapita zaka zoposa 30, atafunsidwa za chiyambi cha moyo wake wauzimu, adatchulabe mtengo umenewu.

Izi sizidamulepheretse kulowa usilikali kumbali ya wolamulira wa Lorraine. Nthawi ina asilikali a ku Germany adamugwira pomuganizira kuti ndi kazitape ndipo adamuopseza kuti amupachika. Iye adawayankha modekha kuti sadali kazitape, komanso kuti imfa sinkamuopsa poti chikumbumtima chake sichinkamutsutsa pankhaniyo. Adamumasula. Mu 1635, asilikali a Sweden ataukira tauni ya Rambervillers, Herman adavulala ndipo adamutengera kwa makolo ake. Usilikali udathera pomwepo. M'zaka zotsatira mwendo udayamba kumuvutitsa mpaka adasanduka wotsimphina, ndipo moyo wake wonse ankakumbukira zolakwa za paunyamata wake ndi chisoni chachikulu.

Atachira adayesa kukakhala kwayekha, kutali ndi anthu, kuti azingopemphera. Sizidayende. Adaona kuti munthu wongoyamba kumene, wopanda lamulo lomutsogolera ndi anzake omudzudzula, amangotengeka ndi maganizo ake, lero chimwemwe mawa kukhumudwa. Adapita ku Paris komwe adalembedwa ntchito ya m'nyumba kwa bwana wina wotchedwa Fieubet, mmodzi mwa asungichuma a mfumu. Mwini wake ankasimba moseka kuti pantchitoyi adali munthu wa manja olobodoka, wongoswa chilichonse chimene wagwira.

Zaka khumi za mdima

Mu June 1640, ali ndi zaka 26, adagogoda panyumba ya Akarimeli mumsewu wa Vaugirard. Mbale wina wa makolo ake adali kale m'chipanichi. Nthambi imene adalowayi ndi yomwe adaikonzanso Teresa wa ku Ávila ndi John of the Cross ku Spain, kuyambira mu 1562, pofuna kubwerera ku moyo wosauka ndi wa mapemphero. Anthu ake sankavala nsapato zotseka koma nkhwayira, sankadya nyama pokhapokha akadwala, ndipo tsiku lililonse ankakhala maola awiri akupemphera chamumtima. Akarimeli alipo ngakhale kuno ku Malawi, monga ku Kapiri m'boma la Mchinji.

M'nyumba yotere mudali magulu awiri. Ansembe ankaphunzira, kuimba mapemphero m'Chilatini, kulalikira ndi kumvetsera anthu olapa. Abulazala wamba ankaphika, kulima kudimba, kulondera pakhomo ndi kutumidwa kumsika. Herman adalowa gulu lachiwirili. Adalandira dzina la Laurent de la Résurrection, kutanthauza Lawrence wa Kuuka kwa Akufa, ndipo adachita malumbiro ake pa 14 August 1642.

Iye ankayembekeza kuti m'nyumbamo akamukhaulitsa chifukwa cha kusalongosoka kwake, ndipo ankaona ngati chimenecho chikhala chilango chomuyenera. Pambuyo pake ankanena kuti Mulungu adamupusitsa, poti mmalo mwa chikwapu adapezamo chimwemwe. Koma chimwemwecho sichidabwere msanga.

Zaka khumi zoyambirira zidali zowawa. Kwa zaka zinayi mwa izo adali wotsimikiza kuti iye ndi wotayika, kuti kumwamba sakakuona, ndipo padalibe munthu amene akadamutsimikizira zina. Ankati akamva kukoma kwa pemphero, ankaganiza kuti akudzinamiza. Akakumbukira machimo ake, ankaona kuti alibe mwayi. Ankapita kutchalitchi, ankatsata malamulo onse, koma mumtima mudali usiku.

Mmene adatulukira m'dzenjeli ndi pomwe pagona moyo wake wonse. Adadziuza kuti adalowa m'chipani chifukwa chokonda Mulungu basi, choncho kaya akapulumuka kaya akatayika, apitiriza kuchita zonse chifukwa cha chikondi chomwecho, kuti mwina pofika tsiku la imfa adzakhale atachita zomwe akadatha. Adaleka kuwerengera malipiro. Kuchokera pamenepo mtima wake udakhazikika, ndipo mtenderewo sudamuchokerenso.

Apa mpofunika kuimapo pang'ono. Mapemphero ambiri amakhala ngati malonda: ndasala kudya, ndapereka chakhumi, tsono ntchito ija ibwere, matenda aja achoke. Zikakanika, munthu amasamukira kwa mlaliki wina. Lawrence adafika poti ngakhale kumwamba kwenikweniko adaleka kukuika pasikelo. Ndi ochepa angafike pamenepo, koma nkhani yakeyi imachititsa manyazi mtima wofuna kugula Mulungu.

M'khitchini

Akuluakulu a nyumbayo adamuika kukhitchini, ntchito imene mwachibadwa ankadana nayo kwambiri. Izi mwini wake sadabise. Nthawi zina m'nyumbamo munkakhala anthu pafupifupi 100, kuphatikizapo achinyamata ophunzira, ndipo onsewa ankadikira chakudya panthawi yake. Amene adaphikirapo anthu pamaliro kapena paukwati akudziwa chomwe chimachitika: nkhuni zanyowa, utsi uli m'maso, uyu akufuna mchere, uyo akufunsa mbale, mphika wina ukusefukira. Kwa Lawrence limeneli lidali tsiku lililonse kwa zaka 15, mwendo ukuwawa.

Njira yake idali yosavuta kuifotokoza. Asanayambe ntchito ankakhala kaye pansi n'kuganiza zomwe zikufunika tsikulo, chiyambe n'chiyani, chitsirize n'chiyani. Akatero ankauza Mulungu kuti poti wamuika pantchito imene ifuna maganizo ake onse, amuthandize kukhala naye limodzi ndipo alandire ntchitoyo ngati mphatso. Ali mkati mophika ankalankhula ndi Mulungu mwapatalipatali, mawu awiri atatu, monga momwe munthu amachezera ndi mnzake amene akusenda naye mbatata. Akamaliza ankadzifunsa mmene wagwirira. Zikayenda bwino ankathokoza. Akalakwitsa ankapepesa, n'kuuza Mulungu mosabisa kuti akamusiya yekha adzangolakwitsa choncho nthawi zonse, kenako ankapitiriza ntchito osadzizunzanso ndi maganizo.

Mfundo yotsirizayi ndi imene anthu ambiri amaiphonya. Iye adavomera kuti poyamba ankatha nthawi yaitali ataiwaliratu za Mulungu, maganizo atapita kwina. Sankadzikalipira. Ankangobwerera, mawa n'kubwereranso, mpaka chidasanduka chizolowezi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Patapita zaka adafika poti sankaonanso kusiyana pakati pa nthawi ya ntchito ndi nthawi ya mapemphero. Ankafotokoza kuti m'phokoso la m'khitchini, anthu angapo akumuitana nthawi imodzi, mtima wake unkakhala ndi Mulungu mwabata ngati wagwada m'tchalitchi. Kutembenuza mazira m'chiwaya ankakuchita chifukwa chokonda Mulungu, ndipo ngakhale kutola kaudzu pansi ankati n'kokwanira ngati mtima uli pomwepo. Amene adamuona akugwira ntchito adachitira umboni kuti sankapupuluma komanso sankazengereza. Chilichonse chinkachitika panthawi yake.

Maganizo otere sadali achilendo m'chipanimo. Teresa wa ku Ávila adali ataphunzitsa kale masisiteri ake kuti asadandaule akatumidwa kukhitchini, chifukwa Ambuye amapezekanso komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti Teresa adali mtsogoleri ndi mlembi wa mabuku akuluakulu, pomwe Lawrence adali mwini mwaye ndi mwini zipsera za moto. Alaliki amakonda kudzudzula Marita wa pa Luka 10 chifukwa chotanganidwa ndi zophika pomwe Mariya adakhala pansi kumvetsera. Bulazala uyu adaonetsa kuti munthu mmodzi akhoza kumvetsera manja ali mumphika.

Pachiphunzitso chake chonse, chimene chimagwira mtima kwambiri n'chakuti kuyera mtima sikudalira kusintha ntchito, koma kuchitira Mulungu zomwe munthu amazichitira yekha masiku onse. Ankamva chisoni poona anthu akusokoneza njira ndi komwe akupita, kuunjika miyambo ndi mapemphero ambirimbiri koma akuzichita pofuna kuonedwa ndi anthu. Kwa iye Mulungu sayang'ana kukula kwa ntchito koma chikondi chomwe chili m'ntchitoyo.

Padalinso ntchito ina imene inkamuopsa kuposa kuphika. Mu 1665 adatumidwa ku Auvergne, ndipo chaka chotsatira ku Burgundy, kukagula vinyo wa nyumba yonse. Za malonda sankazidziwa, ndipo kaamba ka mwendo uja sankatha kuyenda m'ngalawa yodzaza migolo. Ankachita kudzigubuduza pamwamba pa migoloyo. Sadadandaule. Adauza Mulungu kuti ntchitoyo ndi yake, iye wangotumidwa, ndipo pobwera adapeza kuti zonse zayenda bwino. Tangoganizani bambo wa zaka zoposa 50, mkanjo uli m'thupi, akugubuduzika pamigolo pamaso pa oyendetsa ngalawa. Ulemu udali utathawa, koma vinyo adafika.

Zimene sadanene

Nkhani ya Lawrence n'njosavuta kuipotoza, ndipo ena aipotozadi.

Waulesi akhoza kunena kuti poti Mulungu ali paliponse, kutchalitchi n'kosafunika. Mkuluyu sadachite zimenezo. Ankapita ku Misa, ankasunga maola awiri a mapemphero a chipani, ankalapa kwa wansembe, ndipo belu likalira ankasiya zomwe akuchita. Chomwe adakana n'chakuti Mulungu azitsala m'tchalitchi anthu akamatuluka.

Bwana wouma mtima akhozanso kuikonda nkhaniyi pazifukwa zolakwika, n'kumauza wantchito wake kuti azingopirira monga Lawrence. Koma Lawrence adasankha yekha moyo umenewu, ndipo chipani chinkamudyetsa, kumuveka ndi kumusamala akadwala. Mtsikana wantchito amene watha miyezi itatu osalandira malipiro sali m'gulu limenelo. Ndipotu chiphunzitsochi chimaluma bwanayo kuposa wantchito, pakuti ngati Mulungu ali m'khitchini ndiye kuti akuonanso mmene wophikayo akumulankhulira.

Chimodzimodzinso pamsika. Lawrence adatsimikiza mtima kuti asachite, asanene kapena kuganiza kanthu komwe kangakhumudwitse Mulungu amene ali naye pafupi. Munthu amene wamvetsa zimenezi sangaimbe kolasi uku chala chikukankha sikelo, kapena kuponda pansi pa chidebe choyezera chimanga kuti chichepe. Kukumbukira kuti Mulungu ali pompano kumatonthoza, koma kumamanganso manja.

Nkhwayira, alendo ndi makalata

Mwendo utafika poipa, akuluakulu adamuchotsa kukhitchini n'kumupatsa ntchito yokhala pansi, yosoka ndi kukonza nkhwayira za anzake. Ntchitoyi adaikonda, ngakhale ankati akadauzidwa kuti aisiye akadaisiya mosanyinyirika. Nthawi zina ankabwererabe kukathandiza ophika.

Mbiri yake idayamba kutuluka kunja kwa mpanda. Pa 3 August 1666 kudabwera wansembe wachinyamata, Joseph de Beaufort, kudzacheza naye. Lawrence adamuuza mosapita m'mbali kuti ngati akufunadi kutumikira Mulungu azibwera nthawi iliyonse, koma ngati sichoncho asavutike kubweranso. Beaufort adabweranso pa 28 September ndi pa 22 November chaka chomwecho, kenako pa 25 November 1667, ndipo akabwerera kwawo ankalemba zomwe wamva. Ubwenzi wawo udapitirira mpaka imfa ya Lawrence. Pafupifupi zonse zomwe dziko likudziwa za mkuluyu zidadzera mwa wansembeyu, yemwe pambuyo pake adakhala wachiwiri kwa episkopi Louis-Antoine de Noailles.

Beaufort adamufotokoza ngati munthu wa maonekedwe okhakhala koma wa nkhope yomasuka, amene aliyense ankamuuza zakukhosi mosaopa. François Fénelon, mmodzi mwa atsogoleri a mpingo otchuka kwambiri ku France nthawiyo, yemwe adaphunzitsapo mdzukulu wa mfumu Louis XIV, adapitanso kukamuona akudwala ndipo sadaiwale zomwe adakambirana. Iyi idali nthawi imene mfumuyo inkamanga nyumba yake ya Versailles, ndipo alaliki otchuka ankapikisana kulankhula pamaso pake. Wosoka nkhwayirayu sadapondeko kumeneko.

Anthu akamudandaulira za kuipa kwa dziko, iye sankadabwa. Ankati chodabwitsa n'chakuti zoipazo sizidachuluke kuposa pamenepo, poona zomwe mtima wa munthu ungathe kuchita. Ankawapempherera ochimwawo n'kusiya nkhaniyo m'manja mwa Mulungu. Munthu amene adaona Lorraine akupsa adali ndi chifukwa cholankhulira choncho.

Makalata ake 16 adasungika, ambiri opita kwa masisiteri ndi amayi ena. M'kalata ina adatumiza malangizo kwa msilikali wachinyamata. Sadamuuze kuti asiye usilikali kapena aziloweza mapemphero ataliatali. Adati kungokweza mtima kwa Mulungu kwa kamphindi, ngakhale ali paulendo chida chili m'manja, n'kokwanira, ndipo sikuchepetsa kulimba mtima kwa msilikali koma kumakuwonjezera. Kwa mayi wina adalemba kuti sikofunika kukhala m'tchalitchi nthawi zonse, popeza munthu akhoza kusandutsa mtima wake kanyumba kopemphereramo komwe angalowemo ngakhale ali pachakudya kapena pakati pa anthu. Adawonjeza kuti palibe chifukwa chofuulira, poti Mulungu ali pafupi kuposa mmene anthu amaganizira.

Makalata ena ndi olimba kuwameza. Kwa sisiteri wina amene adadwala nthawi yaitali, adalemba kuti sakumupempherera kuti ululu uchoke koma kuti apeze mphamvu zoupirira, ndipo ataona kuti mankhwala akanika adamulangiza kuti angodzipereka kwa Mulungu. Apa owerenga ayenera kusamala. Adalemba m'nthawi imene madokotala ankachiza matenda ambiri pochotsa magazi m'thupi, ndipo nthawi zambiri chithandizocho chinkangowonjezera mavuto. Iye mwini adathandizidwa ndi madokotala pomwe ankadwala. Amene angatenge makalatawa ngati chilolezo chotayira mankhwala a kuchipatala lero wawawerenga molakwika, ndipo akhoza kutaya moyo.

Imfa yake

Kumapeto kwa moyo wake adadwala kwambiri katatu. Atachira koyamba adauza dokotala mwanthabwala kuti mankhwala ake agwira ntchito mopitirira muyeso, poti angomuchedwetsa kukalandira chimwemwe chake. Pa 6 February 1691 adalemba kalata yake yomaliza momwe adanena kuti akuyembekeza kukaona Mulungu m'masiku ochepa. Patangopita masiku awiri adagwa pamphasa.

Atalandira masakramenti otsiriza, mnzake wina adamufunsa chomwe chinkayenda m'maganizo mwake. Adayankha kuti akuchita zomwe adzachite mpaka muyaya, kutamanda Mulungu, kumupembedza ndi kumukonda, ndipo kuti ntchito ya munthu ndi imeneyo. Adamwalira Lolemba pa 12 February 1691, nthawi ya 9 koloko m'mawa, ali ndi zaka pafupifupi 77, nzeru zake zili bwinobwino.

Kabuku kamene kadathawira kwa eni ena

Lawrence sadafune kukhala mlembi. Nthawi zina ankalemba zomwe akumva mumtima, koma akawerenga n'kuona kuti mawuwo sakufika pomwe pali chenichenicho, ankang'amba pepalalo. Atamwalira, Beaufort adatolera timapepala tomwe tidatsala, makalata amene anthu adasunga ndi zolemba zake za macheza aja, n'kuzisindikiza m'mabuku awiri, mu 1692 ndi mu 1694.

Mabukuwa adatuluka panthawi yoipa. Mpingo wa Katolika udali pamkangano waukulu wokhudza chiphunzitso china chonena kuti mkhristu wokhwima azingokhala chete pamaso pa Mulungu, osalimbikira kanthu, osaderanso nkhawa za chipulumutso chake. Wansembe wa ku Spain, Miguel de Molinos, adaweruzidwa ku Rome mu 1687 chifukwa cha maganizo otere. Ku France mkanganowu udagwira Fénelon ndi episkopi mnzake Jacques-Bénigne Bossuet. Podziteteza, Fénelon adatchula Lawrence ngati chitsanzo cha munthu wokonda Mulungu mosayembekeza malipiro. Beaufort adayesetsa kulongosola kuti bulazalayo sadali wa gulu limenelo, ndipo zoona zake n'zakuti munthu wophikira anthu 100 sangamunene kuti ankangokhala manja lende. Koma mu 1699 Papa Innocent XII adatsutsa mfundo 23 za m'buku la Fénelon, ndipo dzina la Lawrence lidapsera limodzi. Sadamuweruze, koma ku France anthu adayamba kumuiwala.

Amene adamutola ndi Apulotesitanti. Mbusa Pierre Poiret adasindikizanso zolembazo ali ku Holland. Ku Germany, mlembi wa nyimbo zauzimu Gerhard Tersteegen adalemba mbiri yake. M'Chingerezi zidatuluka mu 1724, ndipo John Wesley, amene adayambitsa mpingo wa Methodist, adazikonda n'kuzifalitsa pakati pa anthu ake. Kuchokera kumeneko kabukuka kadafika ku America ndi kumaiko ena ambiri, mpaka ena owerenga sadziwa n'komwe kuti mwini wake adali Mkatolika wovala mkanjo. Mu 1991, pokumbukira kuti patha zaka 300 chimwalirireni, wansembe wa Chikarimeli wa ku Belgium, Conrad De Meester, adatulutsa buku lomwe adasonkhanitsamo zolemba zonse monga zidalili m'Chifalansa.

Mpingo wa Katolika sudamulengeze kuti ndi woyera. Nyumba imene adakhalamo idalandidwa panthawi ya kuukira boma ku France n'kusandutsidwa ndende, ndipo mu September 1792 ansembe oposa 100 adaphedwera momwemo. Lero pamalopo pali sukulu yaukachenjede ya Institut Catholique de Paris. Tchalitchi cha Saint-Joseph-des-Carmes, momwe Lawrence ankamvera Misa m'mawa asanakakoleze moto, chikadalipo pa nambala 70 mumsewu wa Vaugirard.